Kothawira kutentha kwa Okutobala tikachoka kunyanja: Ntchisi, Dedza, Zomba, Mulanje kapena Nyika?

Amene mukukhala ku Nkhotakota kuno kapena ku Salima simufunika kuuzidwa kuti Okutobala ndi chiyani. Usiku kugona pakhonde ndi mkeka wokha, fani ikungozunguza mpweya wotentha womwewo, ndiye magetsi akangoti thii basi mwatsala inu ndi udzudzu mpaka mbandakucha. Chaka chatha alamu anga a ku Lilongwe anabwera ndi ana kudzasambira, nditawauza kuti ife tikuganiza zokapuma kumapiri anaseka mpaka misozi, eti anthu akulipira ndalama zambiri kubwera kunyanja inu mukuthawako? Eya alamu, tikuthawa. Nyanja imakoma kwa mlendo wa masiku awiri, osati kwa munthu amene wakhala akuyang'ana kumwamba kudikira chizimalupsa kuyambira Seputembala.

Chifukwa chake nchosavuta. Ife tili pansi m'chigwa, nyanjayi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo kumadzulo kwathu dziko limakwera mwadzidzidzi ngati khoma. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Azungu anazindikira zimenezi ataika anzawo m'manda. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawasautsa anasamukira ku Bandawe mu 1881, kumenekonso zinakanika mpaka Robert Laws anakakwera ku Khondowe mu 1894. Amishoni a Dutch aja sanafune nkomwe kukhala m'mphepete mwa nyanja, anakakhazikika pa Mvera mu 1889 kenako Nkhoma mu 1896, konse kumtunda. Ndiye malo ambiri opumulirako amene tili nawo m'mapiri lero anayamba choncho, ndi anthu othawa dzuwa lathu lomweli. Vuto lake nloti mitengo yakenso ina inatsalira ya azungu omwewo.

Zimene ndikuyezera

Malo onse ndiwayeza ndi zinthu zinayi. Mtengo, ndipo apa sindikunena bedi lokha ayi, ndikuphatikiza thiransipoti, chakudya, za pageti ndi za gaidi. Ma figala a makwacha sindilemba dala, chifukwa chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo umene mwamva lero mwezi wamawa ndi nthano, ndiye ndizingonena kuti uku nkotchipa kuposa uku, inu muimbe foni musananyamuke. Kenako kafikidwe, kutanthauza msewu, minibasi ndi pogona. Chachitatu zosamalira, monga galimoto, zovala, kamba wapaulendo ndi thupi lanulo. Chomaliza zoopsa, zija sakuuzani pa zithunzi za pa Facebook.

NTCHISI

Ndiyambe ndi kwa aneba. Kale Ntchisi inali pansi pa boma la Kota Kota ndipo agogo ena mpaka pano akamanena za boma la Ntchisi amati ku Visanza. Phiri la Ntchisi ndi lalitali mamita pafupifupi 1,700 ndipo pamwamba pake pali nkhalango yobiriwira chaka chonse, mitengo ikuluikulu yoti anthu atatu sangaikumbatire, zilambe zikulendewera, anchima akudumpha m'mwamba. Akuluakulu amati Achewa ankabisalamo nthawi ya nkhondo za Angoni. Nyumba imene pano ndi Ntchisi Forest Lodge inamangidwa mu 1914, bwana DC wa atsamunda ndiye ankakapumulirako. Taganizani, bwanayo ankaweruza milandu kuno thukuta lili kamukamu, kenako nkunyamulidwa kukwera phiri kukapuma, ife eni dzikofe ambiri sitinapondeko ngakhale kamodzi.

Mtengo: kwa ife a ku Nkhotakota thiransipoti ya ku Ntchisi ndiye yotchipa kuposa malo ena onse pano. Pamene ndalama imalowa ndi pogona. Loji ya kunkhalango mitengo yake ndi ya alendo akunja, ngakhale kugona m'tenti kumachepetsako. Pa boma pali malesitihausi otchipa koma dziwani kuti boma ndi nkhalango ndi malo awiri otalikirana, mukagona pa boma muwerengere ndalama ya kabaza wanjinga yamoto kupita ndi kubwera.

Kafikidwe: kuchokera kuno mugwira M18 yopita ku Kasungu, kudutsa m'nkhalango ya nyama, mpaka pa Malomo nkukhotera ku Ntchisi. A ku Salima mukwera M14, kudutsa Mvera, kukhota pa Chezi kudzera ku Dowa mpaka M1, kenako Mponela, Ntchisi. Chigawo chomaliza cholowera mbali ya Chinthembwe ndi msewu wafumbi. Zipinda kunkhalangoko nzochepa kwambiri, osangonyamuka poganiza kuti mukaona komweko.

Zosamalira: Sienta kapena Vitz imafika nthawi yachilimwe koma mudzaimvera chisoni, pansi pamakhula. Nyamulani makwacha m'thumba, chifukwa netiweki imabwera nkupita ndipo ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba akumudzi nthawi zina amakhala alibe ndalama yokwanira. Juzi imodzi ndi yokwana mu Okutobala, nsapato zikhale zotseka. Usipa wouma ndi kampunga ka Kilombero musasiye ngati mukadziphikira nokha.

Zoopsa: njira ya M18 si ya masewera masiku ano. Chitengereni a African Parks nkhalango ya Nkhotakota mu 2015, anabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ndiye kukumana nazo pamsewu si zachilendo. Dutsani masana, musatsike kukajambula, ndipo mawindo atsekeni chifukwa cha akashembe, tonse tikudziwa kuti matenda a kaodzera kuno aliko. Kunkhalango ya Ntchisi mdani wamkulu ndi linthumbu, ine ndinaima pa mzere wake ndikuyang'ana mbalame m'mwamba ndipo gule amene ndinavina pamenepo ana anga akumukambabe. Mvula ikangoyamba katondo wa kumeneko amaterera ngati sopo. Chinanso choti ndinene chilungamo, anthu amakuuzani kuti pamwamba mukaona nyanja yonse mpaka mapiri a ku Mozambique, zoona, koma osati mu Okutobala. Nthawi imeneyi utsi wa lupsa umaphimba chigwa chonse, mumangoona mbuu. Nyanja imaoneka bwino mvula ikatsuka mlengalenga.

DEDZA

Dedza ndi tawuni yeniyeni imene ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri la Dedza kuseri kwake limafika 2,198. Poyerekeza ndi Senga Bay ndi kusiyana kwa mamita oposa 1,100, ndiye kuti madigiri 7 kapena chapompo. Ubwino wake ndi umenewo, simufunika kukwera phiri kapena kulipira geti kuti mumve kuzizira, mukangotsika minibasi pa depoti kamphepo kamakulandirani. Mawu akuti nkhungu kuno kwathu timaganiza za tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, timene ena amakola nkupanga ndiwo, koma ku Dedza nkhungu ndi ija imatseka msewu m'mawa moti galimoto yakutsogolo simuiona.

Mbiri ya boma limeneli ndi yakale kuposa ya azungu. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula zapamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija ndi za Akafula, zoyera ndi za makolo athu Achewa ndipo zambiri zimakhudza chinamwali cha atsikana ndi gule wamkulu. Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi ndiwo malo amene anthu amapitako kawirikawiri. Ine ndinaima pa thanthwe lina kumeneko nkumaganiza kuti zinthu zimene anamkungwi ankaphunzitsa mobisa zili apa poyera ndipo mlendo wa ku Germany akuzijambula, pomwe mwana wanga wa Fomu 2 amangoziwerenga m'buku pokonzekera mayeso. Kumunsi kwa boma lomweli, mbali yathu ino, kuli Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902, ndi malo a zachikhalidwe a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Mua kwenikweni nkotentha ngati kwathu konkuno, koma ali panjira, ndiye mukhoza kuimapo maola awiri.

Mtengo: apa ndi pamene munthu wa malipiro a boma angapume osalowa katapila. Pogona alipo a mitundu yonse, kuyambira lesitihausi ya pafupi ndi msika mpaka zipinda za ku Dedza Pottery. Chakudya ndiye musanene, kachewere, kabichi, nyemba, tomato, mapichesi ikakhala nyengo yake, zonse zimene kuno timagula modula zimachokera komweko. Chipisi cha ku Dedza mbale imodzi mumakhuta anthu awiri.

Kafikidwe: a ku Salima ndinu odala. M5 kulowera kum'mwera, kudutsa Chipoka, Mtakataka, pa Golomoti nkukhota kukwera Khwekhwerere mpaka pa Masasa pa M1, kenako Dedza. Phula lokhalokha. Pa minibasi konzekani kusintha pa Golomoti ndi kudikira kuti idzaze, apo ayi muzungulire ku Lilongwe komwe magalimoto a ku Dedza sasowa. Ife a ku Nkhotakota tiwonjezere ulendo wa ku Salima pamwamba pake, ndiye kunyamuka mmamawa ndithu. Banki, chipatala cha boma, malo omwetsera mafuta, zonse zilipo.

Zosamalira: galimoto iliyonse imafika bola mabuleki ndi madzi a mu injini zikhale bwino. Zovala ndiye nkhani. Ife anthu akunyanja ambiri tilibe jekete lenileni, timangokhala ndi kajuzi ka nthawi ya mwera, ndiye pitani pa kaunjika musananyamuke, makamaka za ana. Mukapita Juni kapena Julayi mudzalira, kumeneko si kupuma koma kulangidwa. Kupita ku Chongoni mufunika kabaza kapena galimoto, misewu yake ndi yafumbi, ndipo pezani munthu wakomweko akulondolereni chifukwa mapanga ena simungawapeze nokha.

Zoopsa: Khwekhwerere potsika. Makhotolo ake ndi otsatizana ndipo madalaivala ena amatsika atapondereza buleki njira yonse mpaka kununkha. Minibasi ina imene ndinakwera inachita kuima pakati pa phiri kondakita nkumathira madzi pa matayala utsi uli tolotolo, amayi ena anayamba nyimbo ya kwaya pompo. Ngati mukuyendetsa nokha tsikani ndi giya yaing'ono. Chachiwiri, ndipo ichi ndikunena mosaseka, musalowetse mbaula ya makala m'chipinda nkutseka mawindo kuti mufunde. Mpweya wake sununkha, anthu amangogona osadzukanso. Chachitatu nchaching'ono, msewu wa M1 kuchoka pa Dedza kulowera ku Lizulu ndi Ntcheu umayenda m'malire enieni, mbali ina Malawi ina Mozambique, ndiye foni ikhoza kugwira netiweki ya kutsidya nkukudyerani mayunitsi. Komanso tinene zoona, Dedza ndi tawuni ya pamsewu waukulu, mathiraki opita ku chipata cha malire amadutsa usiku wonse. Wofuna bata lenileni asagone pafupi ndi msewu.

ZOMBA

Zomba inali likulu la dziko kuyambira nthawi ya Harry Johnston mu 1891 mpaka 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitiriza kukumana komweko mpaka 1994. Mabwana a boma ankagwira ntchito m'munsi nkumakapuma pamwamba pa phiri, nchifukwa chake kumwambako kuli tinyumba tambiri topumulira, ena a makampani, ena a mipingo, kuphatikizapo hotela ya Ku Chawe. Nsonga yaitali, Malumbe, imapitirira pang'ono mamita 2,000. Kuli damu la Mulunguzi limene limamwetsa tawuni yonse, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe limene nthano zake aliyense amakamba mosiyana, ndi malo oonera patali a Queen's View ndi Emperor's View. Achiwiriwa anatchulidwa polemekeza Haile Selassie wa ku Ethiopia atabwera m'zaka za m'ma 1960, nchifukwa chake ma Rasta amawakonda.

Mtengo: pamwamba nkodula, m'tawuni nkwapakatikati. Koma apa pali msampha. Tawuni ya Zomba ili m'munsi mwa phiri ndipo mu Okutobala imatentha ndithu, osafika pa Salima koma imatentha, ndiye mukagona m'tawuni kuti musunge ndalama mwayenda ulendo wonsewo kukapeza theka la zimene munkafuna. Njira yanzeru ndi kupita gulu, mabanja awiri kapena atatu, kubwereka kanyumba kamodzi pamwamba nkumadziphikira.

Kafikidwe: M5 mpaka Balaka, Liwonde, kenako M3 mpaka Zomba. Pa minibasi kuchokera ku Nkhotakota ndi tsiku lathunthu, mufika kutada. Msewu wokwera phiri ndi wa phula, matakisi ndi njinga zamoto zimapezeka m'tawuni. Khirisimasi ndi Isitala malo amadzaza msanga chifukwa a ku Blantyre ndi komwe amathamangira.

Zosamalira: zochepa. Msika wa Zomba uli ndi chilichonse, mugule m'munsi musanakwere chifukwa pamwamba mudzangopeza anyamata ogulitsa masitiroberi, mabulosi ndi miyala yonyezimira. Misewu ya m'kati mwa phiri yopita ku Chingwe ndi yokumbika, galimoto yaing'ono isiyeni nkuyenda pansi.

Zoopsa: tinjira ta m'nkhalango tambiri timafanana, ndipo nkhani za anthu olandidwa mafoni akuyenda okha zinamvekapo. Safunsa anadya phula, tengani gaidi wa m'gulu lodziwika la pamwambapo. Miyezi yotentha yomweyi ndi ya moto wolusa m'mapaini. Ndipo amene munapitako kale kwambiri konzekani kukhumudwa pang'ono, mbali zina zimene zinali mitengo yokhayokha pano ndi zitsa.

MULANJE

Uku ndikuikapo chifukwa achinyamata amafunsa, koma si kopumulira, nkokatopa. Sapitwa ndi mamita 3,002, palibe nsonga ina yoposa pamenepo m'Malawi muno. Ndi kwawo kwa mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene watsala pang'ono kutha chifukwa cha macheka, ndipo mu 2025 phirili linalowanso pa mndandanda wa UNESCO.

Mtengo: tinyumba ta pamwamba monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo ntotchipa, koma muwonjeze gaidi ndi onyamula katundu tsiku lililonse, kuphatikiza thiransipoti yaitali kuposa ya Zomba.

Kafikidwe: kudzera ku Blantyre mpaka Mulanje, kenako Likhubula. Tsiku lopita, tsiku lobwerera, masiku atatu paphiri, sabata yatha. Tinyumbato mumafika ndi miyendo basi.

Zosamalira: chakudya chonse, zofunda, tochi, nsapato zolimba, mankhwala. Ndipo thupi. Ife tinazolowera kuyenda pa mchenga wa fulati, maondo amakana tsiku loyamba lomwelo.

Zoopsa: chiperoni chimabwera mosachenjeza nkutseka njira, anthu anasowapo pa Sapitwa, wina mnyamata wa ku Brazil mu 2009 amene anakwera yekha atasiya gaidi. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagumula mbali zina za phirili ndi kupha anthu ambiri m'midzi ya m'munsi. Ngati muli ndi ana ang'ono, Dziwe la Nkhalamba ndi pokwanira, musapitirire.

NYIKA

Kuzizira kwenikweni kuli uku. Nyika ndi paki yoyamba m'dziko muno, inakhazikitsidwa mu 1965, kukula kwake pafupifupi masikweya kilomita 3,200, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. Mbali yaikulu si nkhalango yowirira ngati Ntchisi, ndi zitunda za udzu zotsatizana mpaka maso kutopa, mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zikudya poyera osabisala. Pa Chelinda, pomwe alendo amagona, pali mapaini ndi madamu amene atsamunda anasiya. Mu Juni ndi Julayi madzi amaundana usiku. Mu Okutobala momwe muno madzulo mumawotha moto, ndipo munthu wa ku Nkhotakota ukakhala pamoto mwezi umenewu umadziseka wekha.

Mtengo: kodula kuposa konse, osati chifukwa cha geti, pageti Amalawi timalipira zochepa kusiyana ndi akunja bola mutenge chiphaso cha unzika. Chimene chimapha ndi mafuta ndi galimoto. Ngati mulibe yanu yamphamvu muchita hayala, ndipo mwini wake amawerengera msewuwo. Pogona pali loji yodula, tinyumba todziphikira ndi malo a matenti.

Kafikidwe: a ku Nkhotakota tili ndi mwayi pang'ono kuposa a ku Salima. M5 kudzera Dwangwa, Chintheche, Nkhata Bay, Mzuzu, kenako Rumphi, Bolero mpaka geti la Thazima. Kuchoka pa Rumphi kukafika pa Chelinda ndi makilomita oposa 100, ambiri afumbi ndi mabampu. Minibasi yokafika pa Chelinda kulibe. Gonani ku Mzuzu kapena ku Rumphi, mulowe m'paki mmawa.

Zosamalira: mafuta omaliza ndi pa Rumphi, ndiye nthawi imene mafuta akusowa m'dziko muno ulendo uwu ingousiyani. Tayala lapadera, jeke, zigubu za mafuta, chakudya cha masiku onse ndi la padera limodzi. Mukabwerako galimoto ikaonedwe ndi makaniko, mashoko ndi mabushi amakhala atalankhula.

Zoopsa: kutalika ndi chithandizo. Galimoto ikafa pakati panjira mukhoza kukhala maola osaona ina, netiweki kulibe malo ambiri. Ndipo pali chinthu chimene ife akunyanja timaiwala, kumtunda udzudzu ndi wochepa inde koma malungo timanyamula tokha m'magazi kuchokera kuno. Mwana akayamba kutentha thupi muli pa Chelinda chipatala chili kutali kwambiri. Ngati wina wakhala akudandaula mutu kapena kuphwanya m'thupi, kayezetseni musananyamuke. Zimenezi nzoona pa malo onse asanuwa koma ku Nyika ndi ku Mulanje ndiye zimaluma.

Amene mtima wanu uli kumpoto koma Nyika yakukanikani, Livingstonia ndi yosavutirapo. Kuchokera pa Chitimba msewu wa Gorodi umakwera ndi makhotolo 20, kumwamba kuli Stone House imene Laws ankakhalamo, tchalitchi chakale ndi mathithi a Manchewe. Sikuzizira ngati Nyika koma usiku mumafunda bulangete.

Ndiye musankhe kuti?

Ngati ndinu banja la ana ang'ono, ndalama ndi ya malipiro amodzi ndipo mulibe galimoto, pitani ku Dedza, makamaka a ku Salima. Chipatala chili pafupi, chakudya nchotchipa, ana akaona Chongoni ndi Mua.

Ngati muli ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa, muli awiri ndi akunyumba ndipo mukungofuna Loweruka ndi Lamlungu lopanda phokoso, Ntchisi, koma mvula isanayambe ndipo mutaimbiratu foni za pogona.

Gulu la kuntchito, la kwaya kapena la banki mkhonde limene lagawana ndalama kumapeto kwa chaka, Zomba, kanyumba kamodzi pamwamba, kusonkherana mafuta ndi ndiwo. Akuluakulu amene sangayende mtunda wautali Zomba imawakomeranso chifukwa galimoto imafika pafupi ndi malo ambiri oonera.

Achinyamata olimba miyendo amene muli ndi sabata yathunthu, Mulanje, pakati pa Meyi ndi Okutobala, ndi gaidi.

Nyika ndi ya amene muli ndi galimoto yamphamvu kapena mnzanu amene ali nayo, masiku osachepera anayi, ndi ndalama yoti ikatha simukagona ndi njala Novembala yense. Pa hanimuni ndi malo abwino ngati a mbali zonse ziwiri anaponya bwino pa perekaniperekani.

Ndipo ngati zonsezi zakanika, a ku Salima kwerani minibasi ya ku Lilongwe mmawa mutsike cha ku Mvera kapena pa Chezi, mudye chimanga chootcha pamthunzi kamphepo kakukupitani, madzulo mubwerere. Ife chaka chino tasankha Dedza, chifukwa mayi a kunyumba akuti sabweranso ku Ntchisi mpaka linthumbu lija litasamuka, komanso apongozi atuma thumba la kachewere.